Chala cha Ezell Pettway

Ezell Pettway anafika pabwalo la koleji ya Tallow Creek mame asanaume, wotchi ili m'khosi, dzanja lamanja lili m'thumba la jekete. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anali atazithera mumsewu, kuzungulira makoleji a ku Mississippi ndi Alabama, kusakira timu yake ya mu ligi yaikulu ya mpira wachimereka osewera oti idzawasankhe pa dirafuti ya mu Epulo, mwambo umene matimu amasinthana kusankha osewera atsopano. Usikauti ndi umenewo: kuyeza anthu ngati ng'ombe za pamsika, msinkhu, mikono, zikhatho, ndipo koposa zonse liwiro la pa mayadi makumi anayi. Munthu atha kusewera mpira wabwino zaka zitatu, kugwetsa anzake mpaka zipewa kuuluka, koma masekondi anayi ndi theka amenewo akamukana, basi, akagulitse inshuwalansi. Ndi zopusa, aliyense amadziwa kuti ndi zopusa, koma palibe amasiya wotchi kunyumba.

M'Malichi koleji iliyonse imakhala ndi tsiku lake loitana masikauti kudzayeza osewera ake. Tallow Creek ndi kakoleji kakang'ono, ndipo masikauti khumi ndi anayi amene anabwera m'mawa umenewo anabwerera munthu mmodzi, Deshun Broadnax. Deshun anali wotchinga kumbuyo, amene ntchito yake ndi kuthamanga phewa ndi phewa ndi olandira mpira a timu inayo. Pamalo amenewo wothamanga 4.50 kapena kuchepera amatsegulirwa chitseko. Wa 4.60 amangomuthokoza chifukwa chobwera.

Ezell ndi amene anamutulukira. Chaka chapitacho anamuyeza yekha pabwalo lomweli, wotchi n'kunena 4.46. Mu Novembala, masewera ena atatha, mayi ake a Deshun anamutsekereza pamalo oimika magalimoto.

"Bambo Pettway, ine ndine Odessa Broadnax. Ndimayendetsa basi ya ana asukulu, za mpira sindizidziwa. Ndiuzeni chinthu chimodzi. Mwana wangayu atuluke chaka chino kukalowa dirafuti, kapena amalize sukulu?"

Lamulo limaletsa sikauti kulangiza wosewera amene zaka zake za kukoleji sizinathe, ndipo Ezell ankalidziwa bwino lamulolo.

"Mayi, pakamwa panga ndi pomanga," anatero.

Koma kukoma mtima kwina n'kunyada chabe. Anatsegula kabuku kake, nang'amba tsamba limene panali dzina la Deshun ndi 4.46 wozunguliridwa kawiri, n'kuwapatsa.

"Ine sindinanene kanthu," anatero akulowa m'galimoto.

Mu Disembala kunabwera kalata yochokera ku ligi yolangiza Deshun kuti abwerere kusukulu. Mayi Odessa anaiponya m'kabati, tsamba la Ezell n'kulimata pa furiji. Mu Januwale Deshun analembetsa dzina lake pa dirafuti, ndipo wolembetsa sabwerera. Malo ake mu timu ya koleji anapita, maphunziro aulere anapita, digiri itangotsala chaka chimodzi. Ku Indianapolis, kumene amaitana osewera odziwika kukawayeza ndi makina, iye sanamuitane. Choncho chonse chimene chinatsala chinali m'mawa umenewu, ndi mawotchi khumi ndi anayi.

Tsono za dzanja la m'thumba lija. Sikauti aliyense amaphunzitsidwa tsiku loyamba kuti wotchi amadina ndi chala chamkombaphala, chifukwa chala chachikulu n'chaulesi. Zaka ziwiri zapitazo nyamakazi inamupinda Ezell chamkombaphalacho mpaka chinangokhala ngati ngowe. Sanauze munthu. Anangoyamba kudina ndi chachikulu, akudziuza kuti chala ndi chala.

Masikauti anakhala pamzere womalizira, ena chogwada, ena pa timipando topinda. Pambali pa Ezell panali Burl Haskew wa timu ina, mnzake wa mumsewu kwa zaka makumi awiri, munthu wosasiya kulavula makoko a nthangala za mpendadzuwa.

"Ndi ameneyu mphenzi yako ija?" anafunsa Burl.

"Tsegula maso, mwina uiona."

"Mwana wa anthu wamukokomeza, mdala. Chaka chonse Deshun, Deshun, ngati ndiwe unabereka."

Kutsidya, Deshun anagwada, naika dzanja pansi. Wotchi imayamba dzanjalo likangonyamuka. Linanyamuka, mnyamata anabwera akupalasa udzu, nadutsa mzere ngati galimoto. Ezell anayang'ana wotchi: 4.49. Mtima unakhala pansi.

Mwambo wake ndi woti masikauti amaunjikana, aliyense n'kutchula yake, n'kugwirizana nambala imodzi imene imatumizidwa ku matimu onse makumi atatu ndi awiri.

"4.63."

"4.61."

"4.65."

"4.62," anatero Burl, nalavula khoko.

Anazungulira onse mpaka kufika pa Ezell.

"4.49," anatero.

Wina anaseka.

"Achikulire, wotchi yanu munagula kumaliro?" anafunsa sikauti wina wachichepere wa magalasi akuda.

"Mwana iwe, ndinayamba kugwira wotchi uli m'matewera."

"Ndiye yatopa, bambo, ipumitseni."

Aliyense amathamanga kawiri. Ulendo wachiwiri anzake anapeza 4.62, 4.64, 4.61. Ezell anapeza 4.48. Koma ulendo umenewu Burl sanayang'ane wothamanga, anayang'ana dzanja la mnzake. Gulu litabalalika anamukokera kuseri kwa benchi.

"Tatulutsa dzanjalo."

"Lili bwino."

"Ezell, tulutsa dzanja."

Analitulutsa. Burl anayang'ana chala chopindikacho nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anasiya kutafuna.

"Unayamba liti kudina ndi chachikulu?"

"Zaka ziwiri."

"Ambuye. Ukuchedwa poyambira, aise. Mwana akunyamuka, iwe chala chikuganizabe. Pomalizira ukudina bwino poti ukumuona akubwera. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, iwe ukumusiya apite kaye sitepe imodzi. Aliyense amene wamuyeza zaka ziwirizi wamupatsa mphatso."

Ezell anayang'ana kumpanda, kumene Mayi Odessa anaima atavala diresi la kutchalitchi, atagwira waya ndi manja onse awiri. Anapempha tchuthi kuntchito kuti adzaone zimenezi. Pansi pa mtima Ezell ankadziwa kale, kungoti anali asanamvepo munthu akuzinena mokweza.

Munthu wanzeru akanakhala pansi pamenepo. Koma madzi akafika m'khosi nzeru imayamba kuthawa. Ezell anaona mbendera ya pamwamba pa sitediyamu ikuuluzika chakumpoto, ndipo anaganiza kuti Deshun atathamanga mphepo ili kumsana, mwina Mulungu n'kumuchotserako pang'ono, n'kufika 4.55. Ndi 4.55 munthu utha kukangana naye bwana.

"Anyamata," anaitana masikauti amene anali atayamba kale kupinda mipando. "Athamange kachitatu. Udzuwu unali wonyowa, ndipo amalimbana ndi mphepo. Titembenuze."

"Ndi kawiri, Bambo Pettway, paliponse ndi kawiri," anatero mmodzi wa iwo.

"Tili ndi koleji ina masana ano, maola atatu pamsewu."

"Ndikupempha. Zaka zonsezi ndinakupemphanipo kanthu? Iwe, amene anakuonetsa njira ya ku Itta Bena utasochera ndani? Mphindi zisanu zokha."

"Usatero, Ezell," anatero Burl motsitsa mawu.

Koma mdala wa imvi akapempha pagulu, anthu amachita manyazi kukana. Anatambasulanso mipando akung'ung'udza. Ezell anayenda mayadi makumi anayi aja kupita kwa Deshun, amene anakhala pa udzu akusisita kumbuyo kwa ntchafu yamanzere.

"Zatuluka bwanji, bwana?" anafunsa mnyamatayo.

"Uthamangenso kamodzi, mphepo ili kumsana."

"Ndiye sizinatuluke." Deshun anaweramitsa mutu. "Sindikudziwa chandichitikira. Kuyambira Januwale ndikudzuka folo koloko, kukoka matayala, kusala zonona, koma wondiphunzitsa akangodina, 4.60, 4.60. Inu munaiona 4.46 ija. Ili mwa ine penapake."

Apa ndi pamene Ezell akanayenera kunena zoona.

"Mwendowo uli bwanji?" anafunsa m'malo mwake.

"Wakungika pang'ono. Ukukoka."

"Ungathe?"

"Mukati ndithamange, ndithamanga."

"Thamanga, mwana wanga."

Atabwerera pamzere anakoloweka chala chopindika chija pa batani, ululu ukufika mpaka m'chigongono. Dzanja la Deshun linanyamuka, Ezell anadina limodzi ndi anzake. Mayadi khumi, makumi awiri. Pa makumi atatu mnyamatayo anadumpha ngati wapondera moto, nagwira kumbuyo kwa ntchafu, n'kugwa chafufumimba. Sanalire. Amene analira ndi mayi ake kumpanda. Madokotala a koleji atamunyamula, Ezell anayang'ana wotchi yake n'kupeza ikuwerengabe, ili pa mphindi zisanu ndi imodzi.

Mnofu unang'ambika kwambiri, ndipo anati apume miyezi inayi. Pa chikalata chopita ku matimu onse panalembedwa 4.62 ndi mawu awiri onena za kuvulalako.

Sabata yachiwiri ya Epulo masikauti onse a timu ya Ezell anaitanidwa kulikulu. M'chipinda chopanda mawindo muli khoma lodzaza makadi, khadi lililonse dzina la wosewera, ndipo limene latsitsidwa pakhomapo silisankhidwa zivute zitani. Bwana wamkulu anali Lindqvist, munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, wofatsa, wokhulupirira manambala kuposa maso. Tsiku lachitatu masana anafika pa khadi la Deshun.

"Broadnax, Tallow Creek. Chaka chatha 4.46, chaka chino 4.62. Munthu wa zaka makumi awiri ndi chimodzi satsika chonchi popanda chifukwa. Kapena ndi waulesi, wangonunkhiza ndalama n'kutayirira, kapena amabisa bala kuyambira kale. Timumate chizindikiro chofiira."

Chizindikiro chofiira ndi cha makhalidwe, ndipo nkhani zotere sizikhala m'chipinda chimodzi. Pofika Loweruka matimu onse amakhala atamva kuti mwana wa ku Tallow Creek ndi mlesi. Ezell anaimirira.

"Bwana, mwanayu si waulesi. Ndamuonera masewera makumi atatu ndi amodzi. Amadziwa kumene mpira ukupita woponyayo asanadziwe. Ndafunsa wochapa mayunifolomu, ndafunsa amayi a kukhitchini, onse akuti ndi woyamba kufika, wotsiriza kuchoka."

"Nanga liwiro lapita kuti, Ezell?"

"Silinapite kulikonse." Anatulutsa dzanja m'thumba n'kuliika patebulo, pamaso pa anthu makumi awiri. "Sanathamangepo 4.46. Ndi chala changa. Ndakhala ndikudina ndi chachikulu zaka ziwiri. Mwanayu wakhala wa 4.62 moyo wake wonse, ndipo ndi 4.62 yomweyo wakhala akutseka anthu othamanga kumuposa. Musamupatse chofiira. Mutengeni ulendo womaliza wa dirafuti, wachisanu ndi chiwiri, mumusunthire pakati pa bwalo pomwe liwiro silivuta kwambiri. Akakanika mudzandichotse ntchito."

Munthu wina anatsokomola. Lindqvist anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Zikomo ponena zoona, Ezell. Chofiira tichichotse." Anayang'ana khadi lija. "Koma ndiye zasintha. Tinamuika pakhoma pano chifukwa cha 4.46. Akanakhala kuti anatsika, tikanati mwina madokotala ndi makochi athu n'kumubwezera. Ngati sanakhalepo nayo, palibe choti tibwezere. Mukudziwa lamulo lathu, wotchinga wopitirira 4.55 sakhala pakhoma."

Anatambasula dzanja n'kutsitsa khadilo, naliika m'bokosi la pansi pa tebulo.

"Ndipo manambala onse a Ezell a zaka ziwirizi achotsedwe, tiwaonenso. Ezell, tidzakambirana dirafuti ikatha. Wotsatira."

Aliyense m'chipindamo ankadziwa tanthauzo la kukambirana dirafuti ikatha. Ezell anakhala pansi. Ntchitoyo sinamupweteke monga ankayembekezera. Chimene chinamudya moyo n'choti bodza likanasiya khadi lija pakhoma, ndipo chilungamo chake, chobwera mochedwa ngati chala chake, ndi chimene chinalitsitsa.

Masabata awiri otsalawo anawathera pafoni. Anaimbira aliyense amene anagonapo naye motelo imodzi, aliyense amene anamubwerekapo matepi a masewera. Ena sanayankhe. Ena anati aona. Burl anayesetsa, n'kubweza foni Lachinayi.

"Madokotala athu akana, aise. Akanakhala ndi mwendo, ndikanamulowetsa ngakhale pa mayeso a masiku atatu, 4.62 yomweyo. Makochi akanamuona okha. Koma wa ndodo sindingamugulitse."

"Kutanthauza kuti akanalekera pa kawiri paja..."

"Usandifunse zimenezo, Ezell."

Loweruka, tsiku lachitatu ndi lomaliza la dirafuti, Ezell sanapite kulikulu. Anayendetsa galimoto mpaka kwa a Broadnax. Pabwalo panali magalimoto asanu ndi limodzi, ndi amalume ake a Deshun akukazinga milamba m'chiphika chachikulu. Mayi Odessa anamulandira pakhomo ndi manja awiri.

"Bambo Pettway. Mwabwera nokha, ndiye kuti kuli uthenga wabwino. Lowani, lowani. Mupatseni mpando wa abusa."

Anamukhazika kutsogolo kwa TV. Deshun anali pa sofa, mwendo uli pa pilo, ndodo zili pansi, mafoni awiri ali pachifuwa. Mayina ankadutsa pansi pa kanema. Ulendo wachisanu, wachisanu ndi chimodzi. Timu ya Ezell itafika pa mwayi wake womaliza, nyumba yonse inatembenukira kwa iye, wina mpaka anamugwira phewa. Inasankha womenya mpira wa ku Utah. Dzuwa likupendeka dzina lomaliza linatchulidwa, ndipo silinali lake.

"Pali ola lija," anatero amalume. "Matimu amaimbira otsala osasankhidwa. Musazimitse mafoni."

Ola linatha. Foni inalira kamodzi, anali msuweni wa ku Memphis kufunsa ngati pali chatuluka. Alendo anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, motsitsa mawu ngati pa siwa. Ezell anadikira mpaka m'nyumba munatsala atatu.

"Mayi Broadnax, Deshun, ndili ndi mawu."

Anawauza zonse, za chala, za batani, za sitepe imodzi ija. Sanadzichepetsere mlandu, ndipo sanayang'ane pansi ngakhale ankafunitsitsa kutero.

Deshun ndi amene anayamba kulankhula.

"Ndiye 4.46 ija sindinaithamangepo?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi."

Mnyamatayo anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Miyezi itatu ndakhala ndikuthamangitsa munthu woti kulibe. Ndimagona ndikudzitukwana kuti ndine mlesi. Bwana, ndinasiya kudya chigumu cha amayi."

Mayi Odessa anali chiimire pakhomo la kukhitchini, nsalu yopukutira mbale ili paphewa.

"Zoti wotchi yanu imanama munazidziwa liti?" anafunsa.

"Tsiku lomwe lija, pabwalo."

"Asanathamange kachitatu, kapena atathamanga?"

Ezell akanatha kunama, ndipo palibe akanamugwira kupatula Burl.

"Asanathamange."

"Ndipo anakuuzani kuti mwendo ukukoka. Anandiuza kuchipatala kuti anakuuzani."

"Anandiuza, mayi."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu n'kuvomereza. Analowa kukhitchini. Ezell anamva mbale ikugogoda, supuni ikukanda m'poto, foyilo yokutira chakudya ikung'ambika. M'dera limenelo mlendo sachoka pakhomo chimanjamanja, kaya wabwera ndi uthenga wotani. Anatuluka ndi mbale yovindikira bwino, yotentha, ndipo pamwamba pake panali tsamba lija la m'kabuku, lofiirira, lili ndi chipsera cha maginito a pa furiji pakati.

"Muli mlamba, masamba ndi chigumu," anatero. "Ichi n'chanu, tengani. Za chala ndikanakukhululukirani, Bambo Pettway, tonse tikukalamba. Mbaleyo musavutike kudzabweza."

Anamutsegulira chitseko, n'kuima pambali mpaka atadutsa.

Ezell anaika mbale pampando wa pambali, nakhala m'galimoto osailiza. Kudzera pawindo la nyumba ankaona Mayi Odessa atatsegula kabati, akufufuza m'mapepala. Anatulutsa envelopu imodzi, naitambasula pansi pa nyali, n'kuyamba kuiwerenga. Inali kalata ya mu Disembala ija, yolangiza Deshun kuti abwerere kusukulu.